Musanalipire ulendo wa ku chipale, yambani mwayang'ana kalendala ya sukulu

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani imene yayamba kumveka pakati pa mabanja olankhula Chichewa kuno ku Harare, makamaka amene ali ndi abale ku Ulaya ndi ku South Africa: kutenga banja lonse kukaona chipale chofewa, chimene ambiri amangoti sinowo, ndi kukaphunzira kutsetsereka pa ma ski, timatabwa titalititali tomangirira kumapazi. Anthu amayamba ndi funso lakuti, "Malo abwino kwambiri ndi ati?" Funsoli limabwera msanga. Malo amasankhidwa ndi zinthu zimene sizioneka pa zithunzi za pa intaneti: mwezi umene ana anu atsekera sukulu, kukwera kwa phirilo, ndi pasipoti imene ili m'thumba mwanu. Zithunzi zokongolazo zimajambulidwa pakati pa nyengo, dzuwa likuwala, chipale chitagwa usiku wonse. Nthawi imeneyo ana a ku Harare amakhala ali m'kalasi.

Sukulu zambiri za m'Zimbabwe zimapuma katatu pachaka: mu Epulo, mu Ogasiti, komanso kuchokera kumayambiriro kwa Disembala kufika chakumayambiriro kwa Januwale. Kumapiri a Alps ndi Pyrenees, ku Ulaya, nyengo ya ma ski imayamba mu Disembala n'kutha mu Epulo, koma chipale chodalirika chimakhala pakatipo, kuyambira Januwale mpaka pakati pa Malichi. Ndiye kuti tchuthi chathu chimagwera kumutu ndi kumchira kwa nyengoyo, pamene malo otsika amakhumudwitsa. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Mtambo umene ukugwetsa chipale pa mudzi wa mamita 2,000 ukhoza kugwetsa mvula pa mudzi wa mamita 1,000, ndipo mvula ikagwa pa chipale imachisandutsa phala, usiku phalalo n'kuuma gwaa ngati galasi. Ogulitsa maulendo adzakuuzani kuti musade nkhawa, kuli makina opanga chipale. Makinawo amapopera timadontho ta madzi m'mwamba kuti tiundane tisanafike pansi. Kunja kukapanda kuzizira mpaka kutsika pansi pa digiri 0, sagwira ntchito, ngakhale akhale mazana angati.

Choncho pofufuza malo funsani nambala ziwiri: mudzi umene mudzagone uli pa mamita angati, nanga mitsetse ya ophunzira ili pa mamita angati. Otsatsa malonda amakonda kutchula nsonga ya phiri, mamita 3,000 kapena kuposa, koma wophunzira safika kumeneko. Sabata yonse amathera m'munsi, pafupi ndi mudzi. Pa ulendo wa Disembala kapena Epulo, ife timati mudzi usatsike pa mamita 1,800. Ku France, Val Thorens ali pa 2,300, Tignes pa 2,100, Alpe d'Huez pa 1,860, Avoriaz pa 1,800. Ku Austria kuli Obergurgl pa 1,930, ku Italy Cervinia pa 2,050 ndi Livigno pa 1,816. Aliyense ali ndi vuto lake. Val Thorens ali pamwamba pa malire a mitengo, ndiye mphepo kapena chifunga zikabwera mu Disembala palibe pobisala, ndipo mwana amalira asanathe ola limodzi. Cervinia ali ndi mitsetse italiitali yosaopsa, yabwino kwa ophunzira, koma mphepo imatseketsa zikepe zokweza anthu paphiri masiku ena. Alpe d'Huez ali ndi bwalo lalikulu la ophunzira pamwamba penipeni pa mudzi, koma layang'ana kum'mwera kumene kumachokera dzuwa la ku Ulaya, kotero mu Epulo chipale chimafewa msanga masana.

Pakati pa Disembala ndi Epulo, banja la ana aang'ono lisankhe Epulo. Masiku amakhala ataliatali, kuzizira kwachepa, ndipo mwana amene sakunjenjemera amaphunzira msanga. Chofunika n'kudziwa khalidwe la chipale cha mweziwo: m'mawa kwambiri chimakhala cholimba, cha m'ma 10 koloko chimafewa bwino, ikamakwana 2 koloko chasanduka phala lolemera limene limagwira ma ski n'kupotokola mawondo a anthu otopa. Lembetsani makalasi a m'mawa. Disembala ali ndi mwayi umodzi wokha: sukulu zathu zimatseka ana a ku Ulaya asanatseke, choncho sabata imene imatha Khirisimasi isanafike imakhala yotsika mtengo ndipo mizere ya pa zikepe imakhala yaifupi. Koma kumada isanakwane 5 koloko, ndipo mitsetse ina imakhala isanatsegulidwe. Sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndiyo yokwera mtengo kwambiri. Ngati simukukakumana ndi abale amene sangapeze nthawi ina, ipeweni.

Tchuthi cha Ogasiti chili ndi yankho lake pafupi, ndipo banja limene likufuna kungolawa liyambire kumeneko. Ku Lesotho, m'mapiri a Maloti, kupitirira pang'ono Oxbow, kuli Afriski, kumene nyengo imayamba mu Juni n'kutha kumapeto kwa Ogasiti. Malowo ndi aang'ono. Mtsetse waukulu ndi wa pafupifupi kilomita imodzi, pali kabwalo ka ophunzira, ndipo chipale chambiri ndi cha makina. Nthawi zambiri mapiri ozungulira amakhala a udzu wouma, chipale chikuoneka ngati nsalu yoyera imene wina wayanika paphiri. Wodziwa kale amatopa nawo tsiku lachiwiri, koma wophunzira safuna zoposa pamenepo, ndipo masiku atatu kapena anayi ndi okwana. Pitani sabata yoyamba ya tchuthi, chifukwa kumapeto kwa Ogasiti kumayamba kufunda, ndipo musanalipire china chilichonse tsimikizirani kwa eni ake kuti chaka chimenecho atsegula komanso adzatseka tsiku liti. Mapasipoti a Zimbabwe ndi a Malawi safuna viza pa ulendo waufupi wokacheza ku South Africa ndi ku Lesotho. Ndalama ya ku Lesotho, loti, ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo marandi amalandiridwa.

Msewu ndiwo umafuna ulemu. Kuchoka ku Harare kufika ku Beitbridge ndi makilomita pafupifupi 580, kenako oposa 500 kufika ku Johannesburg, kenako maola ngati asanu kudzera ku Bethlehem, Fouriesburg ndi chipata cha malire cha Caledonspoort mpaka ku Butha-Buthe ndi kukwera phiri. Ndi ana, amenewo ndi masiku awiri kapena atatu. Ambiri amaona chanzeru kukwera ndege mpaka ku Johannesburg n'kubwereka galimoto kumeneko, koma auzeni obwereketsawo kuti mukuwoloka malire kuti akupatseni kalata yake, apo ayi mudzabwezedwa pachipata. Chipata cha Caledonspoort sichigwira ntchito usiku wonse. Thirani mafuta ku Butha-Buthe. Kuchoka pamenepo msewu wa A1 umakwera Moteng Pass, pamwamba pa mamita 2,800, m'makona okhota kwambiri, ndipo m'malo a mthunzi madzi amaundana pa tara osaoneka. Kwerani masana, dzuwa litasungunula msewu. Potsika gwiritsani giya yotsika m'malo mopondereza mabuleki ulendo wonse, chifukwa akatentha amasiya kugwira. Ngati mukupita pa galimoto yanu ya kuno, imene mwina mu rediyeta mwakhala mukuthira madzi apampopi, thiranimo mankhwala oletsa kuundana. Madzi akaundana amafufuma, ndipo usiku umodzi ukhoza kung'amba rediyeta kapena injini imene.

Chinthu chimene ambiri sachiganizira n'chakuti ku Afriski mumagona pa mamita oposa 3,000, pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene ili pa 3,002, ndi kutali pamwamba pa Nyangani wa ku Nyanga, wa mamita 2,592. Matenda a kumalo okwera amatha kuyamba munthu akapitirira mamita 2,500. Kukhala mu Harare, pa mamita pafupifupi 1,500, kumathandizako pang'ono koma sikuteteza. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusowa tulo, ndipo kwa mwana kukana chakudya ndi kungolira. Gonani usiku umodzi ku Clarens kapena ku Fouriesburg musanakwere, imwani madzi pafupipafupi, ndipo mowa uyambe wadikira tsiku loyamba. Munthu akayamba kusanza mosalekeza, kubanika atangokhala, kapena kudzandira, mankhwala ake ndi kutsika phiri nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Ngati m'banjamo muli wodwala sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, kuzizira, kuchepa kwa mpweya ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndizo zimadzutsa ululu wa matendawo, ndiye ulendo wotere usakonzedwe dokotala wake asanavomereze. Ngakhale amene ali ndi mbewu chabe ya matendawa amatha kudwala kapamba pamalo okwera chotero, kupweteka kwake kumamveka kumanzere pansi pa nthiti. Wa mphumu anyamule mankhwala ake opopera m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi.

Tibwerere ku Ulaya, ku nkhani ya viza, imene yalepheretsa maulendo ambiri kuposa kusowa kwa chipale. Mapasipoti a Zimbabwe ndi Malawi onse amafuna viza ya Schengen, viza imodzi yolowera m'gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya. Kuyambira Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa wamkulu, 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo osakwana zaka 6 salipira. Banja la bambo, mayi, mwana wa zaka 13 ndi wina wa zaka 8 lilipira mayuro 315, osawerengera za makampani olandira mafomu, ndipo viza ikakanidwa ndalamayo sibwerera. Mukhoza kupereka mafomu miyezi 6 ulendo usanafike. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma lamulo limalola kuti lifike masiku 45, choncho wa ulendo wa Disembala ayambe mu Ogasiti kapena Seputembala. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo ndipo ikhale ndi moyo miyezi itatu kupitirira tsiku lotuluka ku Ulaya. Mumapempha kwa dziko limene mukakhalitse, osati limene ndege ikatere: ngati mukutera ku Geneva koma mukugona ku France, viza ndi ya France. France, Italy ndi Germany ali ndi maofesi a akazembe muno mu Harare. Mayiko ena amaimiridwa ndi anzawo kapena amalandira mafomu kwina, ndiye funsani musanasankhe phiri. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi adzafunsidwa chikalata chosonyeza kuti amakhala mu Zimbabwe movomerezeka. Mwana akamapita ndi kholo limodzi, pamafunika kalata yobadwira ndi chilolezo cholembedwa cha kholo lotsalalo.

Pali misampha itatu. Woyamba ndi Bulgaria, kumene kuli Bansko ndi Borovets, malo odziwika ndi kutsika mtengo: dzikoli linalowa mokwanira mu Schengen pa 1 Januwale 2025, choncho viza yake ndi yomweyo. Dziwaninso kuti tauni ya Bansko ili pansi pa mamita 1,000 ndipo m'mawa uliwonse aliyense amaima pamzere wa chikepe chimodzi chopita kuphiri. Wachiwiri ndi Andorra, kumene kuli Soldeu ndi Pas de la Casa. Dzikolo silili mu Schengen, koma lilibe bwalo la ndege, mumalowera ku Spain kapena ku France. Mukatera ku Barcelona mwalowa kamodzi, mukakwera ku Andorra mwatuluka, ndipo pobwerera kukakwera ndege mukulowa kachiwiri. Viza yolowera kamodzi siikwana, pemphani yolowera kawiri kapena kangapo. Wachitatu ndi Britain: viza yokachezera abale ku London siikulowetsani ku France, ndipo kungosinthira ndege ku London kumatha kufuna viza yakeyake. Kuchoka pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe, njira zodutsira ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai, Doha kapena Johannesburg zimakufikitsani ku Geneva, Milan kapena Munich popanda vutoli.

Ulendo sutha ndege ikatera. Kuchoka ku Geneva kupita ku Val Thorens ndi maola pafupifupi atatu, ku Innsbruck kupita ku Obergurgl ola ndi theka, ku Milan kupita ku Livigno pafupifupi anayi, ku Barcelona kupita ku Andorra atatu. Loweruka ndilo tsiku limene alendo akale amatuluka atsopano n'kulowa, ndipo misewu ya kumapiri imadzaza. Ana amene agona m'ndege usiku wonse akaikidwa m'basi yokhotakhota maola anayi, mapepala osanzira asakhale m'chikwama cha pansi. Kuyendetsa nokha sitikulimbikitsa: kumayiko amenewa galimoto zimayenda kumanja, ndipo kumanga matcheni pa matayala ndi zala zozizira m'mbali mwa msewu si ntchito yophunzira tsiku loyamba.

Tsopano kukula kwa malo. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Les 3 Vallées ku France, kumene kuli Val Thorens, Méribel ndi Courchevel, ali ndi makilomita 600 a mitsetse, ndipo khadi la zikepe la wamkulu la masiku 6 limaposa mayuro 350. Wophunzira sabata yake yoyamba sagwiritsa ntchito ngakhale makilomita 20. Malo ambiri a ku France ali ndi zikepe zaulere pa bwalo la ophunzira, makamaka lamba woyenda yekha amene mumangoimapo, ndiponso makhadi otsika mtengo a ophunzira. Musagule khadi la sabata muli kuno. Funsani sukulu ya ma ski kuti kalasi yanu idzalifuna tsiku liti, nthawi zambiri ndi lachiwiri kapena lachitatu. Ana osakwana zaka 5 m'malo ambiri salipira, koma khadi amatengabe, poonetsa pasipoti. Pamapu yang'anani mitundu. Ku France wobiriwira ndiye wosavuta, kenako wabuluu, wofiira, wakuda. Ku Austria, Switzerland ndi Italy wobiriwira sapezeka kawirikawiri, wosavuta ndi wabuluu, ndipo wabuluu wina amatsetsereka kuposa mmene mungaganizire. Chofunika kuona ndi chakuti pali njira yosavuta yobwerera kumudzi, kapena chikepe chimene mungatsikire. Malo ena okongola njira yake yomaliza ndi yofiira, ndipo madzulo imakhala yodzaza ndi anthu otopa.

Ndalama imene mwapulumutsa pa khadi ipite ku sukulu ya ma ski ndi ku nyumba yoyandikana nayo. Makalasi a gulu amayamba Lamlungu kapena Lolemba n'kutha Lachisanu, maola awiri kapena atatu patsiku, ndipo wofika Lachitatu sapeza gulu la oyamba kumene. Lembetsani kudakali miyezi ingapo, ndipo nenani kuti mukufuna mphunzitsi wolankhula Chingerezi, chifukwa mwana wa zaka 6 akaikidwa m'gulu lolankhula Chifulenchi chokhachokha amangotsatira mapazi a anzake osamva kanthu. Funsaninso kuti gulu limakhala ndi anthu angati: asanu ndi atatu ndi bwino, akafika 12 nthawi yambiri mumathera poima. Sukulu ya ESF ya ku France imalandira ana kuyambira zaka 3 mu Club Piou Piou, koma pa msinkhu umenewo ndi masewera chabe, ndipo mwana ayenera kukhala wosiya matewera. Kuphunzira kwenikweni kumayamba pa zaka 5 kapena 6. Akuluakulu nawonso alowe kalasi. Bambo amene anatsetserekapo kamodzi asayese kuphunzitsa mayi a kunyumba, zimathera m'mkangano kapena pa bondo. Phunziro loyamba ndi kuika ma ski mosongoka kutsogolo, otambalala kumbuyo, kuti muime. Kenako kukhota. Ambiri pofika Lachisanu amatsika mtsetse wabuluu wosavuta. Malamulo a panjira ndi a bungwe la FIS, loyang'anira masewera a ma ski padziko lonse, ndipo ofunika kuloweza ndi awa: amene ali kutsogolo kwanu ndiye mwini njira, musaime pansi pa kamtunda pamene obwera sakukuonani, ndipo yang'anani kumtunda musanayambenso kuyenda.

Za nyumba, yesani mtunda pa mapu kuchoka pakhomo kufika pamene kalasi imakumana. Mamita 300 ndi malire. Jombo za ma ski ndi zapulasitiki yolimba, sizipinda pa kakolo, ndipo kholo limanyamula ma ski ake, a mwana, nthawi zina ndi mwana yemwe. Nyumba zobwereka za ku France zikalembedwa kuti "za anthu anayi" nthawi zambiri awiri amagona pa sofa pabalaza, ndiye yang'anani kukula kwake ndi chiwerengero cha zipinda. Funsani ngati zofunda, matawulo ndi kukolopa kwa tsiku lomaliza zili mumtengo, ndipo konzekerani chikole chimene amagwira pa khadi la kubanki ndi kamsonkho ka alendo ka usiku uliwonse. Kudziphikira kumapulumutsa kwambiri, pakuti chakudya cha paphiri n'chodula. Ufa mukhoza kunyamula, ndipo ku Italy ufa wachimanga wa polenta uli m'sitolo iliyonse. Nyama, ngakhale yofutsa, ndi za mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo m'mayiko a European Union. Pamalo okwera madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri ngati 92 ku Val Thorens ndi 90 ku Afriski, choncho phala la nsima lisiyeni libwate nthawi yaitali musanayambe kuthira ufa wina, apo ayi nsima imamveka yaiwisi. Nyemba zouma musavutike nazo, gulani za m'chitini.

Ma ski, jombo, ndodo ndi helemeti bwerekani komweko, musagule. Musananyamuke, muimike aliyense papepala, lembani kutalika kwa phazi m'masentimita, chifukwa saizi ya jombo za ma ski ndi imeneyo. Lembaninso kulemera ndi kutalika kwa aliyense. Kushopu amagwiritsa ntchito nambalazi, pamodzi ndi zaka ndi luso lanu, potchera chogwirira jombo pa ski, chimene chimayenera kumasuka mukagwa. Mukanama kuti ndinu katswiri amachimangitsa, ndipo mukagwa ski siichoka, imazungulira ndi mwendo, bondo kapena fupa la msongolo n'kulipira. Chikakhala cholefuka kwambiri ski imachoka muli pa liwiro. Jombo yokwana bwino zala zimakhudza kutsogolo mukaima chilili, n'kubwerera pang'ono mukapinda mawondo, ndipo chidendene sichinyamuka. Yaikulu imamveka bwino m'shopu koma paphiri phazi limasewera m'kati n'kutuluka matuza. M'jombo mulowe sokosi imodzi yokha yaitali, yosakwinyika. Masokosi awiri amafinya mitsempha, magazi sayenda, phazi limazizira kwambiri. Mwendo wa buluku lam'kati usalowe m'jombo, mpendero wake umadya msongolo. Jombo ikapweteka, bwererani mukasinthe tsiku lomwelo. Kwa oyamba ma ski afike chapachibwano, ndipo ana aang'ono ndodo sazifuna.

Helemeti ili ndi nkhani yake kwa ana athu aakazi ndi amayi. Iyenera kukhala pamutu mogwira, osagwedera, ndipo tsitsi lolukidwa lalikulu, lomangidwa pamwamba kapena la mikanda limaikweza, mphumi n'kukhala poyera. Lukani mizere yogona yopita kumbuyo, mfundo ikhale pansi pa khosi, ndipo yesani kuzungulira kwa mutu mutaluka kale.

Zovala zikhale zitatu zosanjikiza. Cham'kati chisakhale cha thonje, chifukwa thonje limamwa thukuta n'kukhala lonyowa, ndipo mukangokhala pa chikepe mphepo imakuzizirani mpaka m'mafupa. Pakati juzi yaubweya kapena fleece, kunja jekete ndi buluku zosalowa madzi, zolembedwa 10,000 mm kapena kuposa. Jekete yaubweya yopitira kutchalitchi mu Julayi siigwira ntchito imeneyi, wophunzira amagwa kambiri ndipo imanyowa. Pa kaunjika wa ku Mbare zovala za ma ski zimapezeka ndithu, pakuti mabelo amachokera kumayiko ozizira ndipo kuno ogula ndi ochepa. Yang'anani zipi, yang'anani m'kati ngati misoko ili yomata, ndipo donthezani madzi pa nsalu muone ngati akugubuduzika kapena akulowa. Ana agulireni magolovesi osagawa zala, amafunda kuposa ogawa, ndipo akhale awiriawiri kuti ena aziuma. Magalasi ndi ofunika ngati jombo: chipale chatsopano chimabweza mpaka 80 pa 100 iliyonse ya cheza cha dzuwa chowotcha, ndipo chezacho chimakula mukamakwera. Maso akapsa ululu umayamba usiku, ngati mwalowa mchenga. Khungu lakuda nalo limapsa ndi kusweka, ndiye mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena 50 ndi opaka milomo asasowe. Kuzizira kukayamba kuluma zala, mphuno kapena makutu, pa khungu lathu sizioneka msanga ngati pa khungu loyera, malowo amangotuwa n'kuchita dzanzi. Muzimufunsa mwana ngati akumva zala zake. Zikachita dzanzi lowani m'nyumba, ziikeni kukhwapa kapena m'madzi ofunda, musazitikite ndipo musaziyandikitse pamoto.

Inshuwalansi imene amafuna pa viza ndi ya mayuro 30,000 a chipatala, ndipo ambiri amagula yotsika mtengo kuti fomu idutse. Werengani tizilembo tating'onoto: zambiri zotere sizilipira ngozi ya pa ma ski pokhapokha mutawonjezera gawo la masewera a m'nyengo yozizira. Ku France kutsitsidwa paphiri pa machira okoka kumalipiritsidwa, mayuro mazana angapo, ndipo helikopita imafika masauzande. Pogula khadi la zikepe amagulitsanso inshuwalansi ya mayuro ochepa patsiku yolipira kutsitsidwako, itengeni. Ku Italy, kuyambira Januwale 2022, aliyense wotsetsereka ayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira munthu wina amene angamuvulaze, ndipo apolisi a paphiri amalipiritsa chindapusa. Nambala yangozi ku Ulaya konse ndi 112. Wopita ku Lesotho afunse ngati inshuwalansi yake kapena medical aid ya kuntchito imalipira ambulansi yowoloka malire kupita ku chipatala cha ku South Africa.

Tsiku lofika likhale ndi dongosolo lake. Mukalandira makiyi, pitani kushopu madzulo omwewo mukayese jombo, chifukwa Lamlungu m'mawa mzere umatuluka panja ndipo kalasi siidikira. Yendani wapansi ndi ana kukaona pamene adzakumane ndi mphunzitsi. Jombo zigone m'chipinda chofunda, zomangira zake zitatsekedwa, popeza pulasitiki yozizira imauma ndipo phazi sililowa. M'thumba la jekete ya mwana aliyense ikanimo kapepala ka dzina lake, dzina la nyumba imene mukugona ndi nambala ya foni imene ikugwira ntchito kumeneko, pamodzi ndi kachokoleti ndi tishu. Khadi la zikepe likhale lokha m'thumba lakumanzere, kutali ndi foni ndi makhadi a kubanki, kuti chipata chiliwerenge. Ndipo mwana apite kuchimbudzi musanamuveke zonsezo.

Ndife owerenga anu,
Alangizi a za maulendo,
Harare